Dokotala Lucille Teasdale-Corti: Mlendo wa Miyezi Iwiri Amene Anakhala Zaka 35

Ulendo uno tafuna tikambirane za moyo wa mayi wina wa kutali, wa dziko la Canada, amene manda ake ali m'bwalo la chipatala china kumpoto kwa dziko la Uganda. Dzina lawo ndi Dokotala Lucille Teasdale-Corti. Anamwalira m'chaka cha 1996 ndi matenda a Edzi, ndipo kachilombo koyambitsa matendawa anakatengera pa ntchito yawo yochita anthu opaleshoni.

Chaka ndi chaka timaona achinyamata ochokera kunja akubwera m'zipatala ndi m'mabungwe a zaumoyo kudzathandiza mongodzipereka, ena kudzaphunzira ntchito. Ena amakhala masabata atatu, ena miyezi isanu ndi umodzi. Nawonso ana athu amapita kunja kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ya unamwino ndi udokotala. Ife amene tinakalambira m'mawodi takhala tikudzifunsa kuti mlendo wotere akamachoka amasiya chiyani. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Omwewonso anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Moyo wa Mayi Lucille ungatithandize kuganizira bwino za funso limeneli.

Ubwana ndi sukulu

Mayi Lucille anabadwa pa 30 Januwale 1929 mumzinda wa Montreal, m'chigawo cha Quebec, kumene anthu ambiri amalankhula Chifalansa. Anali achinayi kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankagulitsa nyama kudera la kum'mawa kwa mzindawo, kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito zamanja. Anaphunzira pa sukulu ya masisitere a Chikatolika. Ali ndi zaka 12 anamva masisitere ena amene anabwera kuchokera ku China akufotokoza za ntchito yawo yolera ana amasiye, ndipo kuyambira pamenepo mtima wawo unakhazikika pa udokotala.

Masiku amenewo mtsikana wofuna kuthandiza odwala ankamulozera ku unamwino kapena ku usisitere. Udokotala unkatengedwa ngati ntchito ya abambo. Pamene Mayi Lucille ankalowa sukulu ya udokotala pa yunivesite ya Montreal m'chaka cha 1950, m'kalasi mwawo munali ophunzira 110, koma akazi sanapitirire 10. Anamaliza bwino m'chaka cha 1955, nakayamba kuphunzira ntchito pa chipatala cha ana cha Sainte-Justine mumzinda momwemo. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi dokotala wina wachinyamata wochokera ku Italy, dzina lake Piero Corti, amene anabwera ku Canada kudzaonjezera maphunziro a matenda a ana.

Mayi Lucille anasankha mbali yovuta koposa, ya opaleshoni, ndipo anakhala mmodzi mwa akazi oyamba m'chigawo cha Quebec kuphunzira ntchito imeneyi. Kuti amalize maphunzirowo ankayenera kukagwirako ntchito kunja kwa dziko lawo. Analembera makalata zipatala za ku America, ndipo pafupifupi 20 zinawakana, zina mosabisa n'komwe kuti chifukwa chake n'chakuti iwo ndi mkazi. Mapeto ake anapeza malo ku France, ndipo m'chaka cha 1960 anapita mumzinda wa Marseille. Choncho asanaponde n'komwe mu Africa, anali atalawa kale kuwawa kogogoda pa khomo la eni ake ndi kubwezedwa.

Ulendo wa ku Gulu

Dokotala Piero Corti anabadwa m'chaka cha 1925 ku Besana in Brianza, kufupi ndi mzinda wa Milan. Iwo ankafunafuna malo osowa dokotala oti akagwireko ntchito moyo wawo wonse. Anawapeza pa Lacor, mtunda wa makilomita ochepa kumadzulo kwa tauni ya Gulu, pakati pa anthu a mtundu wa Acholi. Pamalopo panali kachipatala kotchedwa St Mary's, kamene amishoni a Comboni anatsegula m'chaka cha 1959. Kanali ndi mabedi pafupifupi 40 ndi masisitere ochepa. Dokotala wa opaleshoni panalibe.

A Piero anapita ku Marseille kukapempha Mayi Lucille kuti akawathandize kuyambitsa ntchito ya opaleshoni kwa miyezi iwiri yokha. Malipiro panalibe, analonjeza ndalama ya ulendo basi. Mayi Lucille anavomera, ndipo pa 1 Meyi 1961 awiriwa anatera pa bwalo la ndege la Entebbe.

Pali chinthu china chimene chinachitika atangofika chimene sitifuna kuti chitiphonye. Ngakhale anali dokotala wophunzira bwino ku Canada ndi ku France, Mayi Lucille sanathamangire kukagwira mpeni. Anayamba apita ku Kampala kukapempha chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo. Anawatumiza ku chipatala chachikulu cha Mulago kwa Dokotala Denis Burkitt, yemwe uja amene dzina lake linaperekedwa kwa khansa yotupitsa nsagwada za ana, imene anamwino a m'mawodi a ana timaidziwa bwino. A Burkitt atawafunsa mafunso ndi kukhutira, anawalola kupita ku Lacor.

Ntchito inali yochuluka kuposa manja. M'mawa ankayendera odwala ogonekedwa ndi kuona odwala oyendera, masana n'kulowa ku fiyeta. Miyezi iwiri ija inatha odwala asanathe, ndipo anaonjezera masiku. Pa 5 Disembala 1961 Mayi Lucille ndi a Piero anamanga ukwati woyera m'katchalitchi ka pachipatala pomwepo. Dziko la Uganda linalandira ufulu wodzilamulira pa 9 Okutobala 1962, ndipo mwezi wotsatira banjali linalandira mphatso ya mwana wamkazi, Dominique. Anthu a Chiacholi anamutcha mwanayo Atim, dzina limene amapatsa mwana wobadwira kutali ndi kwawo. Mayi ake anayamba kuwaitana Min Atim, monga ife timanenera kuti amake a uje. Aliyense wa ife akudziwa kuti munthu akayamba kuitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndiye kuti pamudzipo salinso mlendo.

Kuphunzitsa eni dziko

Kuyambira pachiyambi banja la a Corti linaika zolinga ziwiri. Choyamba chinali kupereka chithandizo chabwino kwa anthu ambiri pa mtengo wotsika. Chachiwiri chinali kuphunzitsa anthu a ku Uganda amene adzalowe m'malo mwawo. Cholinga chachiwirichi n'chimene chinadzapulumutsa chipatalacho m'masiku oipa.

M'chaka cha 1973 anatsegula sukulu ya anamwino. M'zaka zomwezo anatsegulanso zipatala zing'onozing'ono zitatu kumidzi, ku Amuru, Opit ndi Pabbo, kuti mayi wapakati kapena mwana wa malungo asamayende mtunda wautali. Kuyambira m'chaka cha 1983 madokotala ongomaliza kumene maphunziro pa yunivesite ya Makerere anayamba kutumizidwa ku Lacor kukaphunzira ntchito. Mmodzi mwa oyambawo anali mnyamata wa Chiacholi, Matthew Lukwiya, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa madokotala pa chipatalapo.

Alendo ochokera kunja ankabweranso. Panali madokotala achinyamata a ku Italy amene ankadzagwira ntchito zaka ziwiri m'malo mopita ku usilikali, komanso akatswiri amene ankabwera kwa kanthawi. Onsewa ankapeza chipatala chili ndi dongosolo lake, ndipo ankalowa m'dongosololo. Mlendo akanyamuka, ntchito sinkaima, chifukwa anamwino ndi madokotala a konko ankatsala ndi luso lija.

Mayi Lucille ankatheranso nthawi yambiri akuphunzitsa amayi obwera ndi ana. M'deralo munali chikhulupiriro chakuti mwana wakhanda akamatsegula m'mimba ndi kutentha thupi, vuto limakhala mano oipa amene akubisala m'nkhama. Ena ankang'amba nkhama za mwanayo ndi chitsulo chosaphitsa kuti achotse manowo, ndipo ana ambiri ankafika kuchipatala atataya magazi kapena bala litalowa tizilombo. Ife amene tinagwirako ntchito kumidzi tikudziwa kuti mwambo wotere sutha ndi kukalipa kwa tsiku limodzi. Umafuna munthu wokhalitsa pamalo, woti mayi yemweyo akadzabweranso ndi mwana wachiwiri adzamupeze.

Zaka za nkhondo

Mu Januwale 1971 Idi Amin analanda boma. Asilikali ambiri a mitundu ya Acholi ndi Langi anaphedwa. M'chaka cha 1972 anathamangitsa amwenye m'dzikomo, chuma chinagwa, ndipo mankhwala ndi zipangizo zinayamba kusowa. Alendo ambiri analongedza n'kubwerera kwawo. Ife a mpingo wa Anglican zaka zimenezi timazikumbukira chifukwa cha Akibishopu Janani Luwum, amenenso anali a mtundu wa Acholi. Iwo anali bishopu wa kumpoto kwa Uganda, ku Gulu komweko, kuyambira 1969 mpaka 1974, ndipo anaphedwa mu Febuluwale 1977.

Banja la a Corti linasankha kukhala. Koma chisankho chimenechi chinali ndi mtengo wake, ndipo tisaubise. Poopa kuti mwana wawo angaone zoopsa, anamutumiza kwa achibale ku Italy, kenaka ku sukulu yogonera konko ku Kenya. Mwana mmodzi yekhayo ankaonana ndi makolo ake pa tchuthi pokha. Mayi aliyense amene anasiyapo mwana akudwala kunyumba n'kupita kukagwira ntchito ya usiku akudziwa pang'ono za kulemera kwa mtima kotere. Mayi Lucille anakusenza kwa zaka zambiri.

Nkhondo ya pakati pa Uganda ndi Tanzania inayamba m'chaka cha 1978, ndipo mu Epulo 1979 mzinda wa Kampala unagwa. Asilikali a Amin pothawira kumpoto anadutsa ku Gulu, nalanda katundu wa chipatala kangapo konse. Ovulala ankabwera usana ndi usiku, asilikali ndi anthu wamba omwe. Dokotala amene anaphunzira opaleshoni m'zipatala zamtendere za ku Montreal anasanduka dokotala wa mabala a nkhondo, ndipo wovulala wa mbali ina iliyonse ankagonekedwa pa tebulo lomwelo.

Tifotokozeko pang'ono za ntchito imeneyi kwa amene simunalowepo ku fiyeta. Chipolopolo chikamenya fupa, fupalo silithyoka bwinobwino ayi, limaphwanyika tizidutswa takuthwa ngati botolo losweka. Kuti bala lipole, dokotala amayenera kuchotsa tizidutswa tonse pamodzi ndi mnofu wakufa, ndipo nthawi zambiri amachita kufufuza ndi zala m'kati mwa bala lodzaza magazi. Magolovesi amabooka, chala n'kuchekeka. Mayi Lucille anachekeka motere kangapo. M'chaka cha 1979 panalibe munthu ndi mmodzi yemwe pa dziko lonse amene ankadziwa kuti kuli kachilombo kotchedwa HIV. Madokotala amene anawathandiza pambuyo pake anaona kuti m'mabala amenewa ndi mmene kachilomboka kanalowera m'thupi mwawo.

Kachilombo

Matenda atsopanowa anayamba kulembedwa ndi madokotala a ku America m'chaka cha 1981. Ku Uganda anaonekera m'boma la Rakai cha m'ma 1982, ndipo anthu anawatcha dzina lofanana ndi lathu lija la kaliwondewonde. Kachilombo koyambitsa matendawa kanapezeka ku Paris m'chaka cha 1983, ndipo njira yoyezera magazi inayamba kupezeka m'chaka cha 1985. Pofika nthawi imeneyo Mayi Lucille anali atayamba kale kudwaladwala ndi kutsika thupi. M'chaka chomwecho cha 1985 anayezetsa magazi ndipo anapezeka ndi kachilombo. Anali ndi zaka 56.

Anapita ku London kukaonana ndi Dokotala Anthony Pinching, mmodzi mwa akatswiri oyamba a matendawa ku Britain. Malinga ndi mmene matendawa ankayendera masiku amenewo, chiyembekezo chinali chakuti atsala ndi zaka ziwiri kapena kuchepera apo. Akanatha kubwerera ku Canada kapena kukakhala ku Italy, kufupi ndi zipatala zazikulu. Iwo anabwerera ku Lacor.

Chaka cha 1985 n'chomwenso munthu woyamba anatsimikizidwa kuti ali ndi Edzi kuno ku Malawi. Ife panthawiyo tinali anamwino achitsikana. Tikukumbukira kuphitsa masingano m'sefuliya, kuchapa magolovesi, kuwayanika ndi kuwathira paudala kuti tiwavalenso mawa lake. Tikukumbukira mmene mawodi anayambira kudzaza ndi anthu a msinkhu wathu womwe, ena ogona pansi, ndi mmene dzina la matendawa tinkalinong'onera. Tikukumbukiranso anzathu ovala yunifolomu yoyera amene tinawaperekeza kumanda popanda wotchula chimene chawatenga. N'chifukwa chake nkhani ya Mayi Lucille kwa ife si ya kutali.

Iwo anakhala ndi moyo zaka 11 kuchokera pamene anayezetsa, ndipo pafupifupi zaka zonsezo anali pa ntchito. Ku fiyeta anayamba kusiyira madokotala a ku Uganda amene iwo omwe anawaphunzitsa. Apa m'pamene phindu la kuphunzitsa lija linaonekera, chifukwa manja awo atayamba kufooka, manja ena anali okonzeka. Iwo anatenga mbali ya odwala oyendera, makamaka a Edzi ndi chifuwa chachikulu, ndipo ankaona odwala pafupifupi maola 6 pa tsiku. Zilonda zoyera za m'kamwa zinkawalepheretsa kudya. Anadwalapo chibayo choopsa ndi matenda ena amene amalowerera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Akapezako bwino ankabwerera pa mpando wawo. Matenda awo sanawabise, ndipo analola atolankhani kuwafotokoza iwo akadali moyo. M'moyo wawo wonse wa ku Lacor anachita maopaleshoni oposa 13,000.

Nkhondo yachiwiri ndi masiku otsiriza

Pamene thupi lawo linkalimbana ndi kachilombo, dera la Acholi linalowanso m'nkhondo. Yoweri Museveni atatenga boma mu Januwale 1986, kumpoto kunabuka magulu a zigawenga. Loyamba kutchuka linali la Alice Lakwena, kenaka la Joseph Kony, limene linkaba ana m'midzi n'kuwasandutsa asilikali. Chipatala cha Lacor chinathyoledwa kangapo, mankhwala kubedwa, ogwira ntchito ena kutengedwa. Pa Lachisanu Loyera m'chaka cha 1989 zigawenga zinabwera kudzatenga anthu pachipatalapo. Dokotala Lukwiya anadzipereka kuti atengedwe iwo m'malo mwa anzawo, ndipo anakhala kutchire pafupifupi sabata yathunthu asanamasulidwe. M'zaka zotsatira anthu zikwizikwi, makamaka amayi ndi ana, ankabwera madzulo aliwonse kudzagona m'makonde ndi m'bwalo la chipatala poopa kugwidwa usiku m'midzi mwawo.

Dziko lapansi linazindikira ntchito yawo. M'chaka cha 1986 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapatsa Mayi Lucille ndi amuna awo mphotho ya Sasakawa. Dziko la Canada linawalemekeza ndi ulemu wa Order of Canada, ndipo chigawo cha Quebec chinachitanso chimodzimodzi m'chaka cha 1995. Koma nkhawa ya banjali inali pa tsogolo la chipatala iwo akadzachoka. Ndiye m'chaka cha 1993 anakhazikitsa bungwe ku Milan loti lizisonkhanitsa ndalama zothandizira chipatalacho, kuti wodwala wosauka asamabwezedwe chifukwa chosowa kolipira.

M'chaka cha 1996 matenda anakula ndipo a Piero anawatengera ku Italy. Mu Julayi chaka chimenecho, ku msonkhano waukulu wa Edzi umene unachitikira ku Vancouver, m'dziko lakwawo la Canada, akatswiri analengeza kuti kuphatikiza mankhwala amitundu itatu kukutha kugonjetsa mphamvu ya kachilombo m'thupi. Amenewa ndiwo makolo a ma ARV amene tikuwadziwa lero. Kwa Mayi Lucille uthengawu unafika mochedwa. Anamwalira pa 1 Ogasiti 1996 ku Besana in Brianza ali ndi zaka 67. Thupi lawo analibweretsa ku Uganda ndipo anaikidwa m'bwalo la chipatala cha Lacor.

Zimene zinatsala

Mayeso aakulu a ntchito yawo anabwera iwo atapita kale. Mu Okutobala 2000 matenda a Ebola anabuka ku Gulu. Dokotala Lukwiya ndiwo anazindikira msanga kuti imfa zachilendo za anamwino ophunzira ndi odwala ena si za matenda wamba, nadziwitsa boma, nakonza wodi yapadera. Anamwino ndi ogwira ntchito ena anadzipereka kulowa m'wodi imeneyo akudziwa kuopsa kwake. Mliriwo unagwira anthu 425 ndipo 224 anamwalira. Chipatala cha Lacor chinataya ogwira ntchito 12, ndipo pa 5 Disembala 2000 chinatayanso Dokotala Lukwiya. Anaikidwa pafupi ndi mphunzitsi wawo. A Piero anamwalira pa 20 Epulo 2003, tsiku la Pasaka, ndipo nawonso anagonekedwa pomwepo.

Kachipatala ka mabedi 40 kaja lero ndi chipatala cha mabedi oposa 450, chokhala ndi sukulu zophunzitsa anamwino, azamba ndi ena ogwira ntchito zachipatala, ndipo amachitsogolera ndi madokotala a ku Uganda. Atim uja anaphunziranso udokotala, ndipo wakhala akutsogolera bungwe la ku Milan limene makolo ake anasiya.

Ife tiphunzirepo chiyani?

Sitikunena kuti aliyense wopita kukathandiza kunja azikhalako zaka 35 kapena azikafera komweko. Mayi Lucille nawonso anapita kwa miyezi iwiri yokha, ndipo akanabwerera pa nthawi yake sakanalakwa. Ulendo waufupi ukhoza kukhala wa phindu. Chimene tikuona m'moyo wawo ndi mmene analowera pakhomo la eni ake. Anapita chifukwa panali ntchito yodziwika imene inkasowa munthu, ndipo iwo anali ataiphunzira. Anayamba apempha chilolezo. Anagwira ntchito limodzi ndi anthu a konko mpaka anthuwo anatha kuigwira okha.

Choncho mlendo wachinyamata akafika pa chipatala kapena pa gulu lathu losamalira odwala kumudzi, timulandire ndi manja awiri, koma tisachite manyazi kumufunsa zimene anaphunzira. Wophunzira amene kwawo saloledwa kubaya jekeseni, kusoka bala kapena kubereketsa popanda womuyang'anira, kunonso asaloledwe. Khungu lake kapena dziko limene wachokera si satifiketi. Asajambule odwala athu popanda chilolezo chawo, ndipo asaulule za matenda a munthu. Tinaonapo pa chipatala china makina abwino amene alendo anasiya, akuchita dzimbiri m'sitolo chifukwa panalibe amene anaphunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito kapena kuwakonza. Ndi bwino kumufunsa mlendo tsiku loyamba lomwe kuti akufuna kudzasiya luso lanji, ndipo adzalisiya kwa yani. Malangizo omwewa tiwapatsenso ana athu akamapita kumaiko a eni: akalemekeze malamulo a kumeneko, akamvere amene awapeza, ndipo asakachite chimene sanaphunzire.

Chachiwiri, tisamale manja amene amasamala ena. Ambiri mwa inu mumasambitsa odwala, kutsuka zilonda ndi kuchapa zofunda za magazi m'makomo. Valani magolovesi, ndipo akasowa mangani mapepala apulasitiki osabooka m'manja. Ngati mwabayidwa ndi singano kapena lumo limene lakhudza magazi a munthu wina, kapena magazi agwera pa bala lanu, tsukani ndi madzi ndi sopo ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuli mankhwala otchedwa PEP amene amateteza kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Mtsikana kapena mayi amene wagwiriridwa ayeneranso kulandira mankhwala omwewa mwachangu. M'masiku a Mayi Lucille mwayi umenewu kunalibe. Ife tili nawo, tisauphonye chifukwa cha manyazi.

Chachitatu ndi nkhani ya kusalana. Anthu akamva mbiri iyi amafulumira kunena kuti mayiyu anali wosalakwa poti anatengera pa ntchito. Mawu amenewa tiwasamale, chifukwa mkati mwake muli chiweruzo chakuti ena onse ndi olakwa. Mayi Lucille ankakhala pa mpando wa dokotala ali ndi kachilombo komweko kamene kanali mwa odwala awo, ndipo chithandizo chinali chimodzi kwa onse. Funso lakuti munthu anakatenga bwanji silinachiritsepo aliyense. Kuno kwathu ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Munthu amene amamwa mankhwalawa mokhulupirika amatha kugwira ntchito, kubereka ana opanda kachilombo ndi kukalamba, ndipo kachilombo kakachepa m'magazi mpaka kosaoneka poyeza, sapatsira mnzake wa m'banja. Ngati mayi wopanda mankhwala amphamvu ngati amenewa anatumikira zaka 11, palibe chifukwa chomuchotsera mnzathu pa udindo, pa kwaya kapena pa ntchito yophika pa zochitika za mpingo chifukwa choti ali ndi kachilombo.

Tikupemphani kuti pa msonkhano wanu wotsatira muwerengere limodzi mbiri imeneyi, ndipo mukumbukire m'mapemphero anamwino, azamba, madokotala ndi onse ongodzipereka, a kuno ndi ochokera kutali. Ngati m'dera lanu muli namwino wopuma pa ntchito amene anagwira m'zaka zovuta zija, kamuchezereni, mukamufunse maina a anzake amene anapita. Ambiri mwa iwo sanalandire mphotho ina iliyonse, koma ntchito yawo inali yomweyo.

Ambuye akusungeni nonse mpaka tidzachezenso m'kalata yotsatira.